Mmawa Umene Ndinaletsa Alendo Kutsika Sitima ku Greenland

Tadala ndi Yamikani, za ubwana wanga ku Ntcheu ndi za kusukulu ya unamwino sindilemba muno, chifukwa azakhali anu amazikamba bwino kuposa ine, ndipo amawonjezerako ndi zawo. Ine ndiyambira pamene ndinayamba kulandira malipiro kunja kwa dziko lathu, ndikafike pa zaka zisanu zija ndinkakusiyani ndi bambo anu theka la chaka chilichonse.

1994 mpaka 1998: Pangani ndi South C

Tinafika ku Nairobi mu Januwale 1994, bambo anu atalembedwa ukalaliki ku bungwe lina la mayiko ambiri. Iwe Tadala unali ndi zaka zinayi, Yamikani ali kumsana. Tinapeza kafulati ka zipinda ziwiri ku Pangani, pamwamba pa sitolo ya nsalu, ndipo ndinakhala pakhomo pafupifupi chaka chathunthu kudikira kuti mapepala anga a unamwino awavomereze. Atawavomereza ndinalowa ntchito pa kachipatala kena ku South C. Mwini wake anali dokotala wachikulire wosaseka, amene ankawerenga magolovesi mmawa uliwonse ngati mazira. Tinkawachapa, kuwayanika pachingwe kuseri kwa chipinda chobayira jakisoni, n'kuwavalanso. Madzi akasiya kutuluka pampopi, zomwe sizinali zachilendo, tinkasamba m'manja m'beseni limodzi kuyambira mmawa mpaka masana. Ndinkakwera maminibasi, omwe kumeneko amati matatu, awiri popita, awiri pobwera, ndipo Chiswahili changa choyamba ndinachiphunzira momwemo: shukisha hapa, nditsitseni pano. Pachipatalapo m'pamene ndinadziwana ndi Akinyi, nesi mnzanga wa ku Kisumu, mkazi wamtali wa pakamwa posatseka.

Kumapeto kwa 1998 pulojekiti ya bambo anu inatsekedwa, iwo n'kutsala ndi timaganyu ta apo ndi apo. Tsiku lina pa nthawi ya tiyi Akinyi anandiponyera nyuzipepala pamiyendo.

"Grace, ona apa. Akufuna manesi m'sitima za pamadzi zonyamula alendo. Iwe Chizungu chako n'chabwino, pita."

"Ine nyanja ya mchere ndinaiona kamodzi kokha, ku Mombasa, nsapato zili m'manja," ndinatero.

"Nanga akufuna wosambira kapena wobaya jakisoni?"

Ndinapita ku intavyu pa hotela ina m'tauni, ndipo patatha masabata atatu kalata inabwera. Inatchula maina a malo amene sindinawamvepo. Ine ndi bambo anu tinatenga bukhu la mapu la iwe Tadala n'kuyamba kufufuza. Chala cha bambo anu chinakwera, chinadutsa Ulaya yense, chinakwerabe, mpaka chinakaima pamwamba penipeni pomwe pepala limathera.

"Amayi a Tadala, kodi kumeneku kuli anthu?"

"Akuti aliko."

Kenako anati, "Ana ndiwasamala. Koma mukakapeza kuti si malo a munthu, mubwere, musachite manyazi."

Chikhoti ndinakagula ku msika wa Gikomba, pa kaunjika yemwe kumeneko amati mitumba. Ndinasankha chokhuthala kuposa zonse. Wogulitsa anandiyang'ana n'kuseka, n'kundifunsa m'Chiswahili komwe ndikupita. "Mama, unaenda wapi? Limuru?" Ku Limuru n'kumalo kozizira kwambiri pafupi ndi Nairobi, ndiye ndinamuuza kuti kumtunda pang'ono kwa Limuru.

1999: Ulendo woyamba

Ndinakwera sitimayo mu Meyi pa doko lina la ku Norway. Nditatsika basi ndinafunsa dalaivala kuti sitima ili kuti, chifukwa patsogolo panga ndinkangoona nyumba yoyera ya nsanjika zambiri. Anandilozera nyumba yomweyo. M'katimo munali malo odyera angapo, dziwe losambiramo, sitolo, ndi zikepe zokwera ndi kutsika ngati za m'maofesi a m'tauni. Ife antchito tinkagona pansi penipeni, m'tizipinda topanda mawindo, madzi ali pamwamba pa mitu yathu kunja kwa chitsulo. Masabata oyamba ndinkagona nditavala nsapato.

Bwana wanga anali Dokotala Marek, bambo wa ku Poland, wonenepa, wokonda nthabwala ndi fodya. Ndi iye amene anandionetsa kachipatala ka m'sitimamo. Atatsegula kabati ya magolovesi ndinangoti kukamwa yasa. Makatoni mpaka kudenga. Tsiku loyamba anandipeza ndikutsuka awiri pa sinki, ndipo anandilanda n'kuwaponya m'bini. Kenako anandipititsa kuseri, natsegula chitseko chachitsulo chozizira. Munali madirowa atatu aatali.

"Muno ndi mosungira mankhwala?" ndinafunsa.

"Ayi, Sisitala. Alendo athu ambiri ndi nkhalamba. Si onse amene amatsika ndi miyendo yawo."

Ndinaganiza kuti ndi nthabwala zake zija. Pasanathe mwezi ndinali nditatsekeramo bambo wina amene anafa ali pa tebulo, mkazi wake akumudulira nyama. Chimene chinandiimitsa mutu si imfayo, imfa ndinali nditaziona zambiri. Chinali chakuti kuchipinda chodyera oyimba sanasiye kuyimba. Operekera zakudya anangosuntha tebulo lija, kuyalapo nsalu ina, anthu n'kupitiriza kudya. Mayi wamasiyeyo anakhala yekha m'chipinda chake masiku anayi mpaka tinafika pa doko lokhala ndi bwalo la ndege. Ndinkapitako ndikaweruka kukangokhala naye pansi, monga timachitira kwathu. Tsiku lachiwiri anandifunsa ngati kampani imandilipira pa zimenezo.

Za kuzizira sindingathe kukufotokozerani. Chikhoti cha ku Gikomba chija mphepo inkangodutsa ngati ndavala neti ya udzudzu. Ndikatuluka panja mano ankawawa, misozi inkatuluka yokha. Ndiye panali dzuwa. Titakwera kumpoto kwenikweni linasiya kulowa. Linkangozungulira m'mphepete mwa thambo ngati mbuzi yomangidwa pachikhomo, ndipo thupi langa linasokonezeka, osadziwa nthawi ya njala kapena ya tulo. Ndinalembera bambo anu za zimenezi, iwo poyankha anafunsa ngati ndayamba kumwa mowa. Pa zilumba zina tikatsitsa alendo, amuna a mfuti ankatsogola n'kukaima pa zitunda, kuopa zimbalangondo zoyera zomwe zimadya anthu. Kunalibe mtengo ngakhale umodzi, miyala ndi ayezi basi. Ndinkayang'ana azungu okalamba aja, ena ali pa ndodo, atasiya nyumba zawo zofunda kudzaona mapiri a ayezi akuyandama pamadzi, ena mpaka kulira ndi chimwemwe. Poyamba ndinkati ndi misala. Koma tsiku lina chiphiri chimodzi chinang'ambika ife tikuona, phokoso lake ngati bingu, mkati mwake muli mtundu wa buluu umene sindinauonenso kwina kulikonse, ndipo ndinapezeka ndagwira mkono wa mayi wosamudziwa.

Chimene sindinachizolowere mpaka mapeto ndi chakudya chotayidwa. Njira yochokera kuchipatala kupita kuchipinda changa inkadutsa kuseri kwa khitchini, komwe ankakhuthulira nkhuku zathunthu, nsomba, makeke osakhudzidwa n'komwe. Ndinasintha njira, ndinkazungulira kochapira zovala.

Chaka chilichonse ndinkabwerera ku Nairobi mu Okutobala. Munkandithamangira kudzafufuza m'zikwama musanandipatse n'komwe moni. Ndi ntchito imeneyi tinagula puloti ku Kitengela, tinayamba kumanga, ndipo iwe Tadala tinakulowetsa sukulu yogonera konko.

Ogasiti 2003: Greenland

Tinanyamuka ku Iceland kulowera ku Greenland. Tsiku lachiwiri kunabwera alendo awiri akusanza ndi kutsegula m'mimba. Mawa lake anali khumi ndi asanu. Tsiku linalo anayamba kugwa ophika ndi operekera zakudya. Ndi matenda odziwika m'sitima, amayenda ndi manja, ndipo kwa munthu wamphamvu amatha pa masiku awiri kapena atatu. Koma kwa khanda kapena nkhalamba amatha kuumitsa thupi mpaka kupha. Tinatsekera odwala m'zipinda zawo, tinapukuta zitseko ndi zogwirira zonse ndi klorini, koma chiwerengero chinkangokwera. Nesi mnzanga wa ku Philippines anagwa. Kenako Dokotala Marek naye anagwa, ndipo ndine ndinamuika diripi. Ndinatsala ndekha, odwala atapitirira makumi asanu ndi limodzi, madzi a diripi atatsala katoni imodzi.

Mmawa wotsatira tinaponya nangula pafupi ndi kamudzi kena ka m'mphepete mwa nyanja. Ndinali nditafikako kawiri zaka za m'mbuyo. Nyumba zamatabwa zofiira, zachikasu, zabuluu, zitakhala pamiyala. Kulibe msewu wopita kwina kulikonse. Kuli nesi mmodzi, dokotala kulibe, ndipo munthu akadwalika amadikira helikopita, nyengo ikalola. Mudzi umenewu ndiwo unali pachikuto cha kabuku kotsatsira ulendowo.

Tisanatsitse maboti, kuchipatala kunabwera bwana Haldor, manijala woyang'anira zonse za alendo. Anali munthu waulemu, wolankhula motsitsa mawu, ndipo kwa zaka zinayi sanandilakwirepo. Anatsegula bukhu langa lolembamo odwala n'kumatembenuza masamba.

"Sisitala, bukhu lanuli lili ndi vuto. Mwalemba kutsegula m'mimba paliponse. Dzana nyanja inali yoipa. Ambiri mwa awa ndi chizungulire cha mafunde chabe."

"Mafunde satsegula m'mimba, bwana. Ndipo ophika athu akhala pamadzi zaka zambirimbiri, sangayambe lero kusanza ndi mafunde."

"Chabwino. Odwala atsala m'zipinda. Atsike abwinobwino okha."

"Abwinobwino a lero ndi odwala a mawa. Akakatsika akapereka moni wa m'manja, akalowa m'nyumba za anthu kukamwa khofi, akanyamula ana a eni ake kujambulitsa. Mukudziwa mmene amachitira."

Anatseka bukhulo pang'onopang'ono. "Nesi wa kumudziku afunsa pa wailesi ngati tili ndi odwala. Nthawi zonse amafunsa. Dokotala sangadzuke, ndiye muyankha ndinu. Mungonena kuti alipo ochepa, ndipo tawapatula. Si bodza limenelo." Atafika pakhomo anatembenuka. "Muli ndi ana awiri pasukulu, si choncho? Makontirakiti a chaka chamawa ndimalemba mwezi uno."

Ndinatsala nditaima pomwepo. Munthu ameneyu ankandifunsa za inu ndi maina anu, ndipo chaka china anandipatsa chokoleti kuti ndikubweretsereni. Ndinathamangira kwa Dokotala Marek. Anali chigonere, milomo itauma. Ndinamufotokozera zonse, ndikuyembekeza kuti anena kuti mubweretse wailesiyo pano ndilankhule ndekha. Anatseka maso.

"Grace, ndatsala ndi zaka ziwiri kuti ndipume. Chilichonse chimene unene, ine ndidzati ndinali mtulo."

Ndinaona ngati diripi yake ikudontha bwino, n'kutuluka.

Posakhalitsa kunabwera uthenga wondiitana kumtunda, kuchipinda chowongolera sitima, komwe ndinali ndisanalowepo. Kaputeni anali ataima pawindo manja ali kumbuyo, bwana Haldor ali pambali pake. Kuchokera pamenepo mudzi wonse unkaoneka. Pa doko anali atayala matebulo, amayi ataima kuseri kwake ndi zinthu zogulitsa, zipewa, mikanda, nsapato zachikopa. Ana a sukulu anali pamzere atavala zachikhalidwe chawo, kudikira kutiyimbira. Wina anandipatsa cholankhulira. Mawu a mkazi anamveka, Chizungu chake chapang'onopang'ono.

"Ndine Naja, nesi wa pano. Mwafika bwino? Muli ndi odwala m'sitimamo?"

Ndikuuzeni zoona, ana anga, sindinali wolimba mtima. Ndinaganiza za nyumba ya ku Kitengela yomwe inali itafika pa mawindo. Ndinaganiza zoti bambo anu analibe ntchito yokhazikika. Mawu aja oti alipo ochepa anali kale pa lilime. Koma maso anga anali pa mayi wina pa doko paja, atabereka mwana mkati mwa chikhoti chake, kamutu kokha kakuonekera. Ndili mtsikana pa maphunziro ndinagwirapo ntchito mu tenti ya kolera, ndipo ndikudziwa mmene khanda louma thupi limapepukira m'manja.

"Tili nawo makumi asanu ndi limodzi mphambu anayi," ndinatero. "Kusanza ndi kutsegula m'mimba. Chiyambire masiku anayi apitawo, ndipo akuwonjezekabe. Dokotala wathu nayenso wagona. Madzi a diripi atsala pang'ono kutithera."

Bwana Haldor anayang'ana pansi. Kenako Naja anati, "Dikirani, ndikalankhule ndi akuluakulu." Tinamuona akutuluka m'kanyumba koyera, akutsetsereka kupita pa doko, anthu n'kumuzungulira. Zinatenga pafupifupi theka la ola, ndipo nthawi yonseyo palibe anandilankhula kapena kundipatsa mpando. Atabwerera anati, "Pepani. Musatsike."

Kaputeni anatembenuka koyamba kundiyang'ana. "Zikomo, Sisitala. Mukhoza kubwerera kwa odwala anu." Mpaka lero sindidziwa ngati zikomo ameneyo anali woyamikira kapena wondithamangitsa.

Atalengeza kuti alendo satsika, sitima yonse inawira. Alendo anali atavala kale majekete opulumutsira pamadzi, makamera ali m'khosi. Sindikudziwa amene anawauza kuti ndi nesi, koma pobwerera kuchipatala mayi wina wa tsitsi loyera anandiimitsa pa masitepe. Ananditokosa pachifuwa ndi chala. "Ndadikira ulendo uno moyo wanga wonse. Iwe ndiwe ndani?" Anali msinkhu wa amayi anga. Ndinangopepesa n'kumulambalala.

Tisananyamuke anandiitananso, ulendo uno kukhomo la m'mbali mwa sitima, pafupi ndi madzi. Kaboti kakang'ono kanali kataima chapatali pang'ono, mwamuna akuwongolera, kutsogolo kuli mkazi wamfupi wa nkhope yozungulira. Anali Naja. Anatiuza tiponye chingwe, namangirira katoni, ife n'kukoka. Nditatsegula ndinapeza matumba a madzi a diripi khumi ndi awiri. Ndinadziwa kuti kachipatala ngati kake sikangakhale ndi ambiri kuposa amenewo, mwina anatipatsa theka la zonse zimene anali nazo. Ife, sitima ya dziwe losambiramo ndi oyimba.

"Ndinu amene munali pa wailesi?" anakuwa, mphepo ikumuduladula mawu.

"Ndine!"

"Ndili ndi makanda asanu ndi awiri m'mudzi muno, ndi nkhalamba zambiri. Ndikanalephera." Anaima kaye, n'kuloza kumbuyo kwake. "Koma amayi aja asoka zinthu zija nyengo yonse ya mdima, miyezi imene dzuwa silituluka kuno. Sitima ina sibweranso chaka chino. Ena akwiya nane, ena akwiya nanu. Ndati mudziwe zonse ziwiri."

Kaboti kanatembenuka. Pamene nangula ankakwera ndinaona amayi aja akulongedza katundu wawo m'makatoni, amuna akunyamula matebulo awiriawiri kukwera nawo kumiyala. Ana aja sanachoke msanga. Anaimabe pamzere, ndipo ndikuganiza kuti anayimba ndithu, chifukwa ndinkaona aphunzitsi awo akugwedeza manja, koma mphepo sinatifikitsire kanthu.

Seputembala 2003: Kubwerera

M'sitimamo simunafe munthu ndi matenda aja. Atatu mwa okalamba anapulumukira pa madzi a Naja. Ulendo utatha anandipatsa tikiti ya ndege, mwezi wathunthu nthawi yanga isanakwane, pamodzi ndi kalata yoti kampani ikuthokoza koma sindikugwirizana bwino ndi anzanga pa ntchito. Bwana Haldor anandigwira chanza pondipatsa. Dokotala Marek, amene anali atachira, sanatuluke m'chipinda chake kudzanditsanzika. Ndinalembera makampani ena awiri a sitima, koma sanayankhe.

Bambo anu anadzandichingamira ku bwalo la ndege. Ndinawafotokozera zonse tili m'galimoto ya mnzawo, titaima pa mzere wa magalimoto mu msewu wa Mombasa, ogulitsa nthochi ndi manyuzipepala akugogoda pa mawindo. Anamvetsera osandidula. Nditamaliza anafunsa funso limodzi lokha.

"Ndiye anthu a kumudziko anathokoza?"

"Sindikudziwa, bambo a Tadala. Ena mwina. Ena amanditukwana mpaka pano."

"Ife tiona chochita," anatero, koma ndinaona mmene anagwirira chiwongolero.

Akinyi anandipezera malo pa kachipatala kena ku Kitengela, komwe ndinagwira mpaka ndinapuma. Nyumba ija inakhala yopanda denga zaka zinayi, udzu ukumera m'zipinda, ife tikuchita lendi kanyumba kakang'ono pafupi pake.

Tadala, iwe tinakuchotsa pasukulu yogonera ija chaka chisanathe. Unali utangosankhidwa kumene kutsogolera kwaya, ndipo unalira sabata yathunthu osadya bwino. Ine ndinakuuza kuti tikufuna uzikhala pafupi nafe, ndipo unandiyang'ana ngati ukudziwa kuti ndikunama. Unali ndi zaka khumi ndi zitatu. Mtengo wa zimene ndinanena pa wailesi paja unalipira ndiwe, popanda wokufunsa. Ndaganizapo zaka zonsezi, ndipo ndikanati ndibwererenso m'chipinda chija, ndikananenanso chiwerengero chomwecho. Koma sindinakupepesepo, ndipo sindinakuuzepo chifukwa chake. Tsopano wadziwa. Ngati uli ndi mawu, usadikire kuti udzawanene pamaliro anga. Ndikadali moyo, bwera udzandiuze pamaso.